DZIMBIRI PA GALIMOTO YAKALE: KUPALA NDI KUPAKA PENTI

Mwezi uno phunziro lathu likamba za dzimbiri. M'midzi yambiri tsopano muli munthu mmodzi kapena awiri amene ali ndi vani. Ena anagula ndi ndalama za fodya, ena anawatumizira ndi ana awo a ku Joni, ndipo ena anachita kusonkherana pa kalabu ya alimi kapena pa mpingo. Galimoto yotere si ya mwini wake yekha ai. Ndiyo itenga mayi wodwala usiku kunka naye ku chipatala, ndiyo ipita ndi chimanga ku msika, ndipo pa maliro ndiyonso inyamula bokosi. Ikafa, mudzi wonse uyambanso kuyenda pansi.

Eni magalimoto ambiri asamala injini ndithu. Athira oyilo, ayang'ana madzi, namvetsera kulira kwake m'mawa uliwonse. Koma thupi la galimoto aliiwala mpaka tsiku limene wokwera wina aona msewu ukuthamanga pansi pa mapazi ake. Injini ikafa mungathe kugula ina ndi kuikamo, koma thupi likadyeka, injini yabwinoyo mudzaiika pati?

M'masitolo a zitsulo muli penti woletsa dzimbiri, ndipo ndi wabwino. Koma tinene poyamba pomwe kuti penti ameneyu sachita zozizwitsa. Agwira ntchito pa chitsulo chimene chapalidwa ndi kuyeretsedwa bwino, ndipo sangabweze chitsulo chimene chinadyeka kale.

KODI DZIMBIRI NCHIYANI?

Anthu ena ayesa kuti dzimbiri ndi litsiro lochokera kwina, lokhala pamwamba pa chitsulo monga fumbi likhalira pa tebulo. Si choncho ai. Dzimbiri ndi chitsulo chomwecho chimene chasandulika. Mu mpweya umene tipuma muli gawo lina lotchedwa okosijeni, ndilo ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wonse. Okosijeni akakumana ndi chitsulo pamene pali madzi, ziwirizi zigwirana ndi kusanduka ufa wofiira uja. Kotero dzimbiri lifuna zinthu zitatu, chitsulo, madzi ndi mpweya. Chimodzi mwa izi chikasowa, dzimbiri silingayambe.

Inu aphunzitsi mungathe kuonetsa ana zimenezi popanda kugula chida chilichonse chodula. Pezani mabotolo anayi oyera ndi misomali inayi, ndipo muikhule misomaliyo mpaka iwale. Msomali woyamba uikeni m'botolo la madzi pang'ono, theka lake likhale m'madzi, theka pamtunda, osatseka botolo. Wachiwiri umizeni wonse m'madzi amene mwayamba mwawawiritsa, pakuti kuwiritsa kuchotsa mpweya umene unali m'madzimo. Tsono thirani mafuta ophikira pamwamba pa madziwo kuti mpweya wina usalowe, ndi kutseka. Wachitatu uikeni m'botolo louma gwa, ndi kutseka zolimba. Wachinayi uikeni monga woyamba uja, koma m'madzi ake musungunulemo mchere. Ikani mabotolowo pa zenera la kalasi, ndipo ana adzilemba zimene aona tsiku ndi tsiku. Ikatha sabata adzapeza kuti wachiwiri ndi wachitatu ili chiwalire, woyamba wafiira, ndipo wa mu mchere nawonso wadyeka, kawirikawiri koposa mnzakewo. Mwana amene waona izi ndi maso ake sadzasiyanso khasu la bambo wake pa mame.

Pali chinthu china choyenera kuchimvetsa. Poto wa aluminiyamu nayenso akumana ndi okosijeni, koma iye apanga kakhungu kopyapyala kolimba kamene katseka njira, ndipo kudyeka kulekera pomwepo. Dzimbiri la chitsulo silitero. Ilo ndi lofumbutuka, litupa ndi kutenga malo oposa kawiri malo a chitsulo chimene ladya, ndipo limwa madzi ngati chinkhupule. Likayamba pansi pa penti limutukula, nkuoneka ngati matuza. Thuza laling'ono ngati mtedza musalipeputse. Lili ngati kaboo ka nankafumbwe pa njere ya chimanga: kunja nkochepa, koma mkati mwatha. Kumbukirani kuti malata a thupi la vani safika ngakhale milimita imodzi kuchindikala kwake. Dzimbiri silikhala ndi ulendo wautali kuti litulukire mbali inayo.

KUMENE LICHOKERA

Dziko lathu lili ndi mwayi umodzi. Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo misewu yathu sithiridwa mchere. Koma magalimoto ambiri amene tigula anayamba ayenda kwina. Vani zambiri, monga Toyota Hiace, imene inayamba kupangidwa mu 1967 ndipo ndiyo minibasi yodziwika ponseponse kuno, zichokera ku Japan zitagwira kale ntchito. Zikwera sitima ya pamadzi kufika pa Dar es Salaam, ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Zina zichokera ku Britain. Ku Britain, ndi kumpoto kwa Japan monga pa chisumbu cha Hokkaido, nyengo yozizira athira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Matayala amwaza mcherewo kunsi kwa galimoto, ndipo ukhala m'makona zaka ndi zaka. Chifukwa chake galimoto ingathe kufika yowala bwino pamwamba, koma kunsi matenda atayamba kale. Pogula, gwadani ndi kusuzumira kunsi musanayambe kuyamikira wailesi yake.

Kuno kwathu adani ake ndi ena. Woyamba ndi matope. Kuyambira Novembala mpaka Epulo matope amatirira pamwamba pa matayala ndi m'mitanda ya kunsi, ndipo ngakhale dzuwa liwale, mkati mwa matopewo mukhala chinyontho masiku ambiri. Wachiwiri ndi katundu amene tinyamula. Feteleza akoka chinyontho cha mu mpweya ndipo adya chitsulo msanga. Njere zochepa zotayika m'thumba long'ambika ndi kulowa pansi pa mphasa ya labala zikwanira kuboola pansi pa galimoto. Chimodzimodzi mchere, madzi otsika m'madengu a nsomba, ndi mkodzo wa mbuzi. Wachitatu ndi asidi wodontha m'batire, amene adya kabokosi kokhalamo batireyo.

Pofufuza, yambani ndi malo amene madzi aima. Onani ngalande za m'mbali mwa denga, makamaka pamene pamangidwa kaliyala. Onani m'mphepete mwa galasi la kutsogolo, pansi pa labala wake. Onani poponda polowera, njanji ya chitseko chokoka, m'munsi mwa zitseko zonse, ndi pamwamba pa matayala a kumbuyo. Chotsani mipando ngati ichotseka, ndi kufukula mphasa yonse. Ambiri adzadabwa ndi zimene adzapeza pansi pake.

PENTI KAPENA KUWOTCHERERA?

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo tipempha kuti muwerenge mofatsa. Tengani chitsulo chosongoka ndi kubaya mwamphamvu paliponse pamene pafiira. Musachite chisoni. Pamene chitsulocho chiterereka osalowa, malata akadali amoyo, ndipo penti adzawapulumutsa. Pamene chilowa, kapena pamene pamveka phwanyu ngati chigoba cha dzira, malatawo anafa kale, ndipo si inu mwawaboola. Malo otere afuna mmisiri wowotcherera, adule mbali yonse yodyekayo mpaka pa chitsulo chabwino, ndi kuikapo chigamba cha chitsulo chatsopano.

Kaboo kakang'ono pa chitseko sikangaphe munthu. Koma pali malo ena amene anyamula moyo wa okwera. Awa ndi mitanda ikuluikulu ya kunsi, malo omangirapo masipuling'i, malo omangirapo mipando ndi malamba ake, ndiponso timapaipi tachitsulo totenga mafuta a mabuleki. Kapaipi ka mabuleki kakadyeka sikapakidwa penti, kachotsedwa ndi kuikapo kena. Taganizani vani yodzaza anthu ikutsika ku Golomoti kapena ku Chiweta, woyendetsa naponda buleki, kapaipi nkuphulika. Penti wa pamwamba pake adzathandiza yani pamenepo?

Alipo amisiri ena, si onse ai, amene akaona boo afwatikamo nyuzipepala kapena chiguduli, namata fila pamwamba, nasalaza bwino ndi kupaka penti. Galimoto ituluka yokongola ngati mkwatibwi, ndipo mwina ingapusitse wogula, kapena kupyola pokayezetsa kuti ilandire COF. Koma ife tiyesa ntchito yotereyi ndi chinyengo. Fila ndi wosalazira timaenje pa chitsulo cholimba. Alibe mphamvu yonyamula kanthu, ndipo akanyowa kumbuyo kwake asunga madzi, kotero dzimbiri lipitirira kudya mobisika. Popereka galimoto kwa mmisiri, muuzeni kuti mufuna kuona chigambacho asanachimate.

Kuwotcherera kuchitike penti asanapakidwe, pakuti moto uwononga penti. Batire ichotsedwe, mphasa ndi mipando zitulutsidwe, ndipo pafupi ndi thanki ya mafuta pasafike moto konse thankiyo ili pomwepo. Chidebe cha mchenga chikhale pafupi.

KUPALA

Ntchito ya tsiku lonse ikhala yopala ndi kuyeretsa. Kupaka penti kutenga kanthawi kochepa chabe. Wofuna kufupikitsa ntchito afupikitsa pa kupala, ndipo ndi yemweyo amene abwera chaka chamawa kunena kuti penti wa masiku ano ngwachabe.

Yambani ndi kutsuka matope onse, kunsi ndi pamwamba, ndi kusiya galimoto iume masiku awiri kapena atatu. Ngati mulowa kunsi, musakhulupirire jeke yekha. Imikani galimoto pamalo osalala olimba, tsekerani matayala ndi miyala, ndi kuchirikiza ndi zipika zazikulu za mtengo wolimba. Njerwa musagwiritse ntchito, chifukwa ziphwanyika mosachenjeza.

Gogodani ndi nyundo yaing'ono kuti makoko a dzimbiri agwe, kenaka palani ndi chitsulo chaphanthiphanthi. Tsono kwechani ndi burashi ya waya, ndi kumaliza ndi sandipepa. Kumbuyo kwa sandipepa kuli nambala. Nambala yaing'ono ndiye wokhakhala, yaikulu ndiye wosalala. Wa 80 ndi wochotsera dzimbiri, wa 180 ndi wosalazira, ndipo wa 320 kapena 400 ndi wopitira pa penti woyamba musanapake womaliza. Musalekere pamene dzimbiri laoneka kuti lathera. Pitirirani kuchotsa penti wakale mozungulira, ngati zala ziwiri, mpaka muone chitsulo choyera mbali zonse, pakuti dzimbiri liyenda pansi pa penti ngati chiswe m'phaso.

Tetezani maso ndi magalasi, ndipo mumange pamphuno ndi pakamwa. Penti wina wakale, makamaka wofiira wopaka pa zitsulo, anali ndi mtovu. Fumbi la mtovu ndi poizoni, ndipo liwononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Ana akonda kuunjirira pamene pakonzedwa galimoto, koma tsiku lopala athamangitseni. Musapalire pafupi ndi mtondo, ndi pamene payanikidwa ufa, kapena pa chitsime. Yalani pepala la pulasitiki pansi kuti fumbilo lisonkhane pamodzi, ndipo musambe m'manja musanagwire nsima.

Chotsiriza ndi kuchotsa mafuta. Penti sagwira pa girizi kapena pa oyilo, ngakhale pa thukuta la m'manja. Pukutani ndi nsanza yoyera yoviikidwa mu thinazi, ndi kupukutanso ndi ina youma. Dizilo ndi palafini siziyenera pa ntchito iyi chifukwa zisiya mafuta ake pa chitsulo. Petulo ndiye woopsa. Munthu mmodzi wodutsa ndi ndudu akwanira kuyatsa zonse.

MITUNDU YA PENTI

Pofika m'sitolo mudzapeza zitini zambiri, ndipo pafupifupi chilichonse chinena kuti chiletsa dzimbiri. Sizigwira ntchito mofanana.

Pali mankhwala amadzimadzi otchedwa rust converter. Awa si penti weniweni. Muli asidi wa phosphoric kapena wa tannic, amene asandutsa dzimbiri lotsalira m'timaenje kukhala khungu lakuda lolimba. Athandiza pamene burashi yalephera kufika, koma alowa pang'ono chabe. Mukawathira pa makoko ochindikala adetsa pamwamba pokha, pansi dzimbiri lili lamoyo. Anyamata ena anamva kuti mu Coca-Cola muli asidi yemweyu wa phosphoric, ndipo nzoona, koma ndi wochepa kwambiri, ndipo shuga wake angoitana nyerere. Imwani Coca-Cola wanuyo mukatopa ndi kupala. Mabawuti ang'onoang'ono okha mungathe kuwaviika mu viniga usiku umodzi, ndi kuwatsuka, kuwaumitsa ndi kuwapaka girizi.

Pali penti woyamba, amene ambiri amudziwa ndi dzina lakuti red oxide, wofiirira ngati dothi la katondo. Wina ndi wotuwa, wokhala ndi zinc phosphate. Ameneyu ndiye wopezeka msanga ndi wotsika mtengo, ndipo pa chitsulo chopalidwa bwino agwira ntchito yabwino. Cholakwa chimene tiona kawirikawiri mu misewu ndi ichi: munthu apaka red oxide, naona kuti pafiira bwino, nayenda choncho chaka chonse. Penti woyamba sanapangidwe kuti alimbane ndi mvula yekha. Ntchito yake ndi kugwira chitsulo ndi kugwira penti womaliza. Akasiyidwa pamtunda miyezi yambiri, chinyontho chimupyola.

Palinso penti wodula amene anapangidwa kuti apakidwe pa chitsulo cha dzimbiri, monga Hammerite wa ku Britain ndi POR-15 wa ku America. Mawu akuti "pa dzimbiri" apusitsa ambiri. Tanthauzo lake ndi dzimbiri lopyapyala lotsala mutachotsa makoko onse ndi mafuta, osati chitsulo chimene simunachikhudze. POR-15 ali ndi khalidwe lachilendo. Penti wamba auma pamene thinazi wake wauluka, koma uyu alimba pokoka chinyontho cha mu mpweya, nakhala khungu lolimba kwambiri lotsekera madzi ndi mpweya kunja. Agwira bwino pa chitsulo chokhakhala, koma pa penti wakale wosalala asendeka. Dzuwa limufooketsa, kotero ayenera kunsi kwa galimoto ndi pansi pa mphasa. Pamene pafika dzuwa afuna penti wina pamwamba. Akaumira pa khungu sachoka ndi sopo kapena thinazi, mudzayenda naye masiku ambiri, choncho valani magolovesi. Mpweya wake ndi woipa m'mapapo, ndipo woipa koposa akapoperedwa. Pakani ndi burashi, pabwalo. Tapani wokwanira m'kachitini kena, ndipo potseka chitini chachikulu ikani pepala la pulasitiki pansi pa chivindikiro, apo ai chivindikirocho chidzamatirira kosatsekukanso.

Mtundu uliwonse umene mwagula, werengani zolembedwa pa chitini, ndipo ngati zili m'Chingerezi chovuta pemphani aphunzitsi akuthandizeni. Penti aliyense ali ndi thinazi wake ndi nthawi yake youmira, ndipo mitundu ina ikasanjikizana wa pansi akwinyika.

NTHAWI YOPAKA

Nyengo yabwino ndi pamene mvula yatha ndipo galimoto yauma, kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje apewe masiku a chiperoni, pakuti nkhungu ija inyowetsa chitsulo ngakhale diso lisaone. Kutentha kwa Okutobala nakonso nkosayenera ngati galimoto ili padzuwa, chifukwa penti auma pamwamba mkati musanaume. Sankhani mthunzi wopita mphepo pang'ono, ndi kuwaza madzi pansi mozungulira kuti fumbi lisauluke. Dikirani mame aume, ndipo mulekeze dzuwa lisanapendeke kwambiri.

Chitsulo chimene mwachipala lero chipakidwe lero lomwe. Mukachisiya chigone, mame a usiku umodzi adzachifiiritsanso. Chifukwa chake ndi bwino kugawa ntchito, lero poponda, mawa chitseko, kusiyana ndi kupala galimoto yonse nthawi imodzi.

Takasani penti mpaka zonse za pansi pa chitini zisakanizike. Pakani mopyapyala, mukukankhira burashi m'makona ndi m'misoko momwe malata awiri akumana, pakuti dzimbiri liyambira m'menemo. Kupaka kawiri mopyapyala kuposa kupaka kamodzi mochindikala, chifukwa penti wochindikala ayenderera, achedwa kuuma, ndipo asweka. Dikirani nthawi imene chitini chanena musanapakenso. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukatha kupaka woyamba kawiri, pakani womaliza kawirinso. Pa misoko ya chigamba chowotcherera matanipo phula lotsekera misoko musanapake womaliza, ndipo musaiwale kupaka kumbuyo kwa chigambacho ngati dzanja lifikako, popeza moto unapsereza penti amene anali kumeneko.

MKATI MOSAFIKA BURASHI

Zitseko ndi mitanda ya kunsi nza mphako, ndipo zambiri zidyeka kuchokera mkati. M'munsi mwa chitseko chilichonse opanga anasiyamo timaboo totulukira madzi a mvula amene atsika ndi galasi. Timabooti titsekeka ndi fumbi, ndipo chitseko chisanduka mtsuko. Titokoseni ndi kawaya, ndipo popaka penti samalani kuti musatitseke. Mkati mwa mphakozi muyenera phula lamadzimadzi lopopera limene agulitsa chifukwa cha ntchito imeneyi. Likasowa, oyilo watsopano wosakaniza ndi girizi pang'ono athandiza. Ambiri athira oyilo wakuda wochotsa mu injini chifukwa ndi waulere, koma ife sitiwalimbikitsa. Oyilo ameneyu ali ndi zoipa zambiri zowononga khungu la munthu, afewetsa labala, ndipo adontha pabwalo pamene ana asewera ndi nkhuku zitola. Mafuta alionse asafike pa mabuleki kapena pa paipi ya utsi, ndipo athiridwe penti atauma, osati asanapakidwe.

Mphasa ya labala musaibweze msanga. Penti alimbe masiku angapo, ndipo mphasayo muitsuke ndi kuiyanika mbali zonse ziwiri. Kuyambira pamenepo, ponyamula feteleza kapena nsomba yalani pulasitiki wochindikala pansi, ndipo mukatsitsa katundu sesani ndi kutsuka tsiku lomwelo. M'nyengo ya dzinja gwetsani matope a pamwamba pa matayala sabata iliyonse, ndipo mufukule mphasa kamodzi pa mwezi kuona ngati pansi pake pali pouma. Mukapeza madzi, funani pamene alowera. Kawirikawiri ndi labala wa galasi kapena wa chitseko amene wauma ndi kung'aluka. Mwala ukalasa penti ndi kuonetsa chitsulo, dontho limodzi la penti wotsala m'chitini, lopakidwa ndi nthenga ya nkhuku, likwanira kutsekapo mvula isanabwere.